Zipangizo zothandiza anthu aulumali: n'chifukwa chiyani zimadula, nanga mtengo ungatsike bwanji?

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene makolo, aphunzitsi, atsogoleri a mipingo ndi eni ake aulumali amafunsa kawirikawiri. Pafupifupi onse amayambira pa ndalama. Mayankho ena atalikirapo chifukwa mtengo wa chipangizo suthera pa tsiku logula. Umapitirira mpaka tsiku limene tayala laphulika, batire latha, kapena mwana wakula.

Kodi zipangizo zimene tikunenazi ndi ziti?

Ndi chilichonse chothandiza munthu kuyenda, kuona, kumva, kulankhula kapena kudzisamalira pamene thupi lake palokha likulephera. Njinga ya olumala, ndodo zoyendera, ndodo yoyera ya osaona, magalasi a maso, makina othandiza kumva, mwendo kapena mkono woikirira, nsapato zapadera, makina olembera zilembo za braille (timadontho timene osaona amawerenga ndi zala), ngakhalenso pulogalamu ya pafoni yowerenga mokweza zimene zalembedwa. Mu 2016 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatulutsa mndandanda wa zipangizo 50 zimene dziko lililonse liyenera kuyamba nazo. Kuno kwathu sitingaiwale chipewa chakhonde ndi mafuta oteteza khungu kudzuwa, chifukwa kalembera wa 2018 anapeza anthu achialubino 134,636, ndipo kwa iwowa botolo la mafuta ndi limene limaima pakati pa khungu labwino ndi khansa.

Vutoli n'lalikulu bwanji?

Lipoti limene WHO ndi UNICEF anatulutsa mu 2022 linati anthu oposa 2.5 biliyoni padziko lonse amafunika chipangizo chimodzi kapena kuposerapo, ndipo pafupifupi 1 biliyoni mwa iwo alibe. M'mayiko ena olemera anthu 90 pa 100 alionse ofuna chipangizo amachipeza. M'mayiko ena osauka ndi atatu okha pa 100. Ku Malawi kalembera yemwe uja anawerenga anthu aulumali oposa 1.5 miliyoni.

Nanga chimadulitsa n'chiyani? Njinga ya olumala si zitsulo ndi matayala basi?

Zifukwa zake zimaberekana. Choyamba, zambiri mwa zipangizozi sizipangidwa kuno. Zimagulidwa ndi madola, n'kulipirira sitima ya pamadzi, galimoto yochokera ku Beira kapena ku Dar es Salaam, ndi phindu la aliyense amene katunduyo wadutsa m'manja mwake. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense ankadandaula za feteleza ndi mafuta ophikira. Banja logula mabatire a makina akumva linalira chimodzimodzi, kungoti kulira kwake sikunamveke patali.

Chachiwiri, timagula pang'onopang'ono. Bungwe ili layitanitsa njinga 20, mpingo uwo 50, chipatala icho 10, aliyense mtundu wake ndiponso kwa wogulitsa wake. Wogula sopo mmodzimmodzi pa okala salipira mofanana ndi wogula katoni ku holoselo. Komanso mitundu ikachuluka chonchi, palibe wamalonda amene angasunge zosinthira za mtundu uliwonse.

Chachitatu, pa zipangizo zina opanga ake ndi owerengeka. Makina othandiza kumva ambiri padziko lonse amachokera ku makampani akuluakulu asanu okha, ndipo msika umene iwo amauyang'ana ndi wa ku Ulaya ndi ku America, kumene inshuwalansi kapena boma limalipira.

Koma mtengo umene umathyola msana wa banja la kumudzi nthawi zambiri sulembedwa pa lisiti. Mwendo woikirira satenga ngati shuga m'sitolo. Munthu amapita kukayezedwa, kubwereranso kukayesa, kukaphunzira kuyendera, n'kudzapitanso ukayamba kupweteka. Ulendo uliwonse ndi wa anthu awiri, mwini wake ndi womuperekeza: kabaza mpaka pamsewu, minibasi mpaka m'tauni, chakudya, pogona, kuwonjezera masiku amene kumunda sikunalimidwe. Makondakitala ena amalipiritsa njinga ya olumala ngati katundu. Chipangizo chingathe kukhala chaulere kuchipatala, koma banja n'kugulitsa mbuzi kuti lichifikire.

Kwathu kwabwera alendo akugawa njinga zaulere. Tilandire?

Landirani, koma mufunse mafunso kaye. Ndinafikapo pakhomo lina mvula itangokata. Pakhonde panali njinga yonyezimirabe, katayala kamodzi kakutsogolo katathyokera pakhosi. Inali ya mtundu uja wa m'chipatala, wa timatayala ting'onoting'ono kutsogolo, wopangidwira kukankhira wodwala pa simenti yosalala. Mwini wake, mtsikana wa zaka 10, anali pamkeka. Njingayo inali ya munthu wamkulu, moti iye akakhalapo mapazi ankalendewera m'malere, thupi n'kupendekera mbali imodzi. Inagwira ntchito miyezi yosakwana itatu. Wokonza njinga pamsika anaiyang'ana, n'kunena kuti katayala kotero sanakaonepo. Mayi ake anali atayambiranso kumubereka kumbuyo popita naye kusukulu, ndipo anandiuza kuti masiku amene msana wawavuta mwanayo amajomba.

Alendowo anabwera ndi mtima wabwino, palibe angatsutse. Koma njinga ya olumala ili ngati nsapato: imayenera kuyezedwa pa munthu. Ikakula kapena kuchepa imapinda msana. Ikakhala yopanda khushoni yoyenera imayambitsa zilonda za m'matako, makamaka kwa munthu wovulala msana amene samva kuwawa kumunsi, ndipo zilonda zimenezi zimapha. N'chifukwa chake mu 2008 WHO inalemba ndondomeko yoti njinga isamangoperekedwa m'manja: munthu ayezedwe, asankhiridwe yogwirizana ndi thupi lake ndi njira za kwawo, aiyese, aphunzitsidwe kukwera, kutsika ndi kuisamala, kenako adzayenderedwe.

Choncho funsani kuti ndani ayeze, khushoni ilipo kodi, ndipo ikathyoka mupite nayo kuti. Amene akugawa moganizira sakwiya ndi mafunso amenewa.

Kodi sitingapange tokha konkuno?

Zina tingapange, ndipo zikupangidwa kale. Bungwe la Malawi Against Physical Disabilities, limene akale amalidziwa kuti Malawi Against Polio, lakhala likupanga njinga za olumala ndi zija za matayala atatu zopalasa ndi manja kwa zaka zambiri. Nzeru yake yaikulu yagona pa zosinthira. Njinga ikamangidwa ndi matayala, machubu ndi masipoko a njinga wamba yakapalasa, mmisiri aliyense wa pansi pa mtengo wa mango amaikonza, ndipo wowotcherera wa pamsika amalumikiza pamene pathyoka. Mabungwe ngati Motivation la ku Britain ndi Whirlwind la ku America anapanganso njinga zoganizira njira zamiyala ndi zamchenga, zotalika thunthu kuti zisagubuduke, zina za tayala limodzi lonenepa kutsogolo.

Ndichenjeze pano kuti kupangira kwathu sikutanthauza kuti wowotcherera aliyense angotenga mapaipi n'kuyamba. Akalakwitsa malo a ekiselo ndi masentimita ochepa okha, njinga imagwa chagada pachitunda. Mmisiri afunika maphunziro, ndipo sukulu ya TATCOT ku Moshi, m'dziko la Tanzania, yakhala ikuphunzitsa ntchito imeneyi kwa anthu a m'mayiko ambiri a mu Africa.

Pali luso lina limene ndimalikonda kwambiri, loyambira ku Zimbabwe, lopanga mipando ya ana ndi makatoni. Amadula makatoni akale molingana ndi thupi la mwana, n'kuwamata atatu kapena anayi ndi phala la ufa, mizere yake ikupingasana kuti alimbe. Amawatsindira ndi njerwa mpaka aume, kuwalumikiza, kuwakuta ndi mapepala olimba ngati a matumba a simenti, n'kupaka penti. Chimatuluka ndi mpando wouma gwa ngati thabwa. Mwana amene ubongo wake unavulala pobadwa, yemwe ankangogona pamphasa kuyang'ana denga, amakhala tsonga, amadya osatsamwa kawirikawiri, amaona anzake akusewera pabwalo. Akakula mumapanga wina. Mdani wake ndi madzi ndi chiswe basi. Koma muyeso wake azipereka ndi a mafizo, chifukwa kukhazika mwana wotere molakwika kumawonjezera kupindika.

Mwendo woikirira ndi wa olemera okha?

Ayi. Ku Jaipur, m'dziko la India, dokotala P. K. Sethi ndi mmisiri Ram Chandra Sharma anapanga phazi la labala mu 1968 ataona kuti miyendo yochokera ku Ulaya inkafuna nsapato ndi mpando, pamene anthu awo ankayenda opanda nsapato, kunyonyomala ndi kulima m'matope. Phazi limenelo, lotchedwa Jaipur Foot, laperekedwa kwaulere kwa anthu ambirimbiri kuyambira 1975. Nalo bungwe la Red Cross la padziko lonse linakonza njira yopangira miyendo ndi pulasitiki yotsika mtengo ya polypropylene, imene ikugwira ntchito m'mayiko ambiri osauka.

Ku Malawi miyendo ndi zitsulo zochirikiza miyendo zimapangidwa pa zipatala zazikulu za Queen Elizabeth, Kamuzu Central ndi Mzuzu Central. Malo a ku Lilongwe ndi ku Mzuzu anakhazikitsidwa mothandizidwa ndi bungwe la 500 Miles la ku Scotland, limene analiyambitsa ndi Olivia Giles, mayi amene iye mwini anadulidwa manja ndi mapazi atadwala matenda oumitsa khosi.

Chimene sichingagulidwe chopangiratu ndi chikho chimene mbali yotsala ya mwendo imalowamo. Chimaumbidwa pa munthuyo, ndipo thupi likasintha chimasinthidwa. Mwana amafuna china pafupipafupi chifukwa akukula. Ndiye mukamawerengera ndalama, musawerengere mwendo umodzi.

Mwana wanga wabadwa ndi mapazi opindika. Adzafunika njinga?

Mukafulumira, mwina sadzafunika chilichonse. Njira ya Ponseti imawongola phazi pang'onopang'ono ndi chikhakha chosinthidwa sabata iliyonse, kawirikawiri kasanu kapena kupitirira pang'ono, kenako mwana amavala tinsapato tiwiri tolumikizidwa ndi kachitsulo. Tinsapato totere ku America timagulidwa madola mazanamazana. Ku Uganda, Michiel Steenbeek anapanga tina ta chikopa ndi chitsulo wamba tosafika madola 10, togwira ntchito yomweyo. Chipatala cha Beit CURE ku Blantyre ndi zipatala zambiri za m'maboma zimathandiza ana otere. Pitani mwana akadali wakhanda, ndipo musasiye kumuveka tinsapatoto usiku mpaka zaka 4 kapena 5 ngakhale phazi likuoneka lowongoka. Makolo ambiri amasiyira panjira poona mwana akulira, phazi n'kubwerera.

Makina othandiza kumva amagulitsidwa motchipa pa intaneti. Ndigule?

Musanagule chilichonse, khutu liyezedwe. Ena samva chifukwa cha phula lotseka khutu kapena mafinya, zimene zimafuna mankhwala osati makina. Malo oyezera makutu alipo pa Queen Elizabeth ku Blantyre ndi pa African Bible College ku Lilongwe. Tambiri totchipa tija ndi tokuzira mawu chabe. Timakweza phokoso lonse mofanana, la galimoto ndi la mphunzitsi lomwe, ndipo tikhoza kuwononga kumva kumene kunatsala. Makina enieni amatcheredwa molingana ndi mmene khutu la munthuyo likumvera.

Komabe makina enieniwo sayenera kudula mmene amadulira. UNICEF itayamba kuwagula ambiri nthawi imodzi, makina amene ku Rwanda ankafika madola 2,000 anapezeka pa madola 118. Sanasinthe makinawo, anangosintha kagulidwe.

Ndiye pali nkhani ya mabatire. Kabatire kake n'kakang'ono ngati njere ya nandolo, kamatha pa sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo m'magolosale a kumudzi simukapeza. Makina ambiri opatsidwa kwaulere ali m'madirowa pa chifukwa chimenechi chokha. Ku Botswana, kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000, anayamba kupanga mabatire otchajidwa ndi kasola kakang'ono, ndipo ogwira ntchitoyo anali anthu osamva. Mukapatsidwa mwayi wosankha, sankhani otchaja. Kwa mwana, kumbukiraninso kuti kachikombole kolowa m'khutu kamachepa iye akamakula.

Makina sachotsa kufunika kwa chinenero chamanja. Kwa mwana wosamveratu, makolo ophunzira kulankhula ndi manja amamupatsa chimene makina a mtengo uliwonse sangamupatse, ndipo a MANAD, bungwe la anthu osamva, angakulozereni kophunzirira.

Nanga anzathu osaona?

Apa ndi pamene mtengo watsika kwambiri m'zaka zapitazi. Kale munthu wosaona wofuna kugwiritsa ntchito kompyuta ankafunika pulogalamu ngati JAWS, ya madola oposa 1,000. Mu 2006 anyamata awiri osaona a ku Australia, Michael Curran ndi James Teh, anayamba kupanga NVDA, yowerenga mokweza zonse za pa kompyuta, n'kuipereka kwaulere. Mpaka lero ndi yaulere, ndipo mukhoza kuyenda nayo pa flash n'kuigwiritsa ntchito pa kompyuta ya kuofesi kapena kusukulu. Mafoni a Android ali ndi TalkBack, a iPhone ali ndi VoiceOver. Anthu ambiri akuyenda ndi zimenezi m'thumba osadziwa. Chovuta n'chakuti mawu owerengawo akakhala achingerezi amapotoza Chichewa mpaka khutu lizolowere, ndipo iyi ndi ntchito imene achinyamata athu odziwa za kompyuta angaigwire.

Foni siilowa m'malo mwa braille. Mwana womva chabe osagwira zilembo sadziwa kalembedwe ka mawu. Makina olembera a Perkins amadula madola mazana angapo, ndipo pepala lake lokhuthala nalo limadya ndalama. Kafelemu ndi kachitsulo kobowolera n'zotsika mtengo, ndipo wophunzira aliyense ayenera kukhala ndi zake. Makina amagetsi otulutsa timadontho ta braille ankagulidwa madola masauzande, mpaka mabungwe a osaona a m'mayiko angapo anasonkherana kuti papangidwe Orbit Reader 20, imene inatuluka pa mtengo wosafika madola 500.

Lamulo nalo limatsitsa mtengo. Pangano la ku Marrakesh la 2013, limene Malawi inalowamo mu 2017, limalola kuti buku lisandutsidwe braille kapena mawu omvera popanda kupempha chilolezo kwa mwini wake, ndiponso kuti mayiko azigawana mabuku otere. Ndiye kuti buku limene lakonzedwa kale ku Kenya sitiyenera kulikonzanso ndi ndalama zathu.

Magalasi owerengera nawonso ali m'gululi?

Ali momwemo, ndipo ndi otsika mtengo kuposa zonse. Munthu akapitirira zaka 40 maso amayamba kuvutika ndi zapafupi: ulusi sulowa pa singano, nambala ya pafoni siioneka. Kafukufuku wa mu 2018 pakati pa othyola tiyi ku Assam, m'dziko la India, anapeza kuti opatsidwa magalasi ankathyola tiyi wochuluka ndi pafupifupi 22 peresenti. Eni minda ya ku Thyolo ndi ku Mulanje akanaiganizira nkhani imeneyi.

Kodi boma lili ndi udindo, kapena ndi ntchito ya mabungwe achifundo?

Lili nawo. Malawi inavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, ndipo ndime 20 ya panganolo imati boma lithandize kuti zipangizo zoyendera zipezeke pa mtengo woti anthu angakwanitse. Lamulo la anthu aulumali la 2024 linalowa m'malo mwa la 2012, ndipo MACOHA ija, bungwe la boma loona za anthu aulumali limene linakhazikitsidwa mu 1971, tsopano ndi MACODA. Pamapepala zinthu zili bwino. Chotsala ndi ndalama mu bajeti.

Ine ndikuona kuti chimene chingasinthe zinthu msanga ndi kugulira pamodzi. Boma, zipatala za mishoni ndi mabungwe atagwirizana pa mitundu yochepa ya njinga ndi makina akumva, n'kumayitanitsa limodzi monga amachitira ndi mankhwala, mtengo ungatsike, zosinthira zingapezeke, ndipo amisiri angaphunzire mitundu yomweyo. Mutu umodzi susenza denga. Chachiwiri ndi kubweretsa ntchito pafupi: oyeza ndi okonza azipita m'maboma pa masiku odziwika, m'malo moti anthu 30 akwere minibasi kulondola munthu mmodzi. Chachitatu tingaphunzire ku Norway, kumene boma limabwereketsa zipangizo, mwini wake akasiya kuzifuna n'kuzitenga, kuzikonza ndi kupatsa wina.

Kwa amene amati dziko losauka silingakwanitse, bungwe la ATscale linawerengera mu 2020 kuti dola imodzi yoikidwa pa zipangizozi imabweza madola 9, kudzera mwa mwana wopita kusukulu, wamkulu wogwira ntchito, ndi mayi amene wamasuka kupita kumunda m'malo mobereka mwana wa zaka 10.

Zogwiritsidwapo kale ntchito zili bwino?

Ndodo zoyendera, njinga ndi mipando ya ana, inde, malinga zikonzedwe ndi kuyezedwanso pa mwini watsopano. Khushoni yophwa ayi, ndipo chikho cha mwendo wa munthu wina ayi. Ngati m'nyumba mwanu muli njinga imene mwana anaikulira kapena ya malemu, musaisiye ichite dzimbiri kuseri kwa chitseko. Ibwezeni kumene munaitenga.

Ndilibe ndalama. Ndiyambire pati?

Yambirani pachipatala cha boma lanu, kwa a mafizo kapena a mafupa, a maso ngati vuto ndi la maso. Ngati n'kutali, mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu angakuuzeni tsiku limene iwo amabwera. Kalembetseninso ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu kwa DC ndi kwa a MACODA, chifukwa ogawa zipangizo akabwera amayambira pa maina amene alembedwa kale. Mabungwe a eni ake aulumali, monga FEDOMA yophatikiza mabungwe a aulumali, Malawi Union of the Blind ya osaona, MANAD, APAM ya achialubino ndi PODCAM ya makolo, ndi amene amamva msanga kumene kuli thandizo. Mwana wasukulu, kambiranani ndi mphunzitsi wa maphunziro apadera.

Chipangizo chikafika, patulani kandalama kokonzetsera, ngakhale kochepa, mwina kudzera ku banki mkhonde. Njinga muziipukuta matope, kuthira oyilo ndi kupopa matayala sabata iliyonse, ndipo mupite nayo kwa wokonza njinga wa kwanu isanawonongeke kuti aidziwe ndi kukuuzani zosinthira zimene angapeze. Wokhala panjinga tsiku lonse aziyang'anidwa khungu la m'matako madzulo alionse. Pakaoneka malo ofiira kapena oderapo amene sakubwerera mwakale, asakhalirepo, ndipo mawa lake mupite naye kuchipatala.